Mtsuko wa Nyemba Zosakaniza ndi Mulu wa Nyenyezi

Lemba monga ndikunenera, iwe, usakonze. Ndikati nyemba ulembe nyemba, ndikakalipa ulembenso kukalipako. Ine sukulu sindinapondeko, ndiye amene wagwira cholembera pano ndi mdzukulu wanga, mwana wa mwana wanga wamkazi, amene ali ku yunivesite kuphunzira za nyenyezi. Eya, za nyenyezi. Kuno kwa Mkanda anthu akamva amandifunsa kuti zimenezo adzazigulitsa kuti. Ine ndimati kamufunseni mwiniwake, pakamwa ali napo.

Nkhani ndi ya mtsuko wanga. Ndili ndi mtsuko wobenthuka kukamwa umene mayi anga anandipatsa pokwatiwa. Madzi sunasungepo. Umasunga mbewu ya nyemba, yothira phulusa kuti anankafumbwe asalowe. Ndipo nyemba zake si za mtundu umodzi ayi. Muli nanyati wamawangamawanga, muli kayera, muli kaulesi wosachedwa kupsa, zofiira, zachikasu, ndi tina takuda ting'onoting'ono timene dzina lake sindinalimvepo. Mayi ankangoti takuda tija. Zonse pamodzi. Podzala ndimangotapa, zimene zabwera m'dzanja ndi zomwezo zolowa m'phando.

Usaganize kuti ndi ulesi. Mvula ya kuno ilibe khalidwe. Chaka china imakhuthuka mpaka mizere kugumuka, zoyera n'kuwola, zofiira n'kupirira. Chaka china imadula pakati, zofiira n'kufota, nanyati n'kubereka ngati sakudziwa kanthu. Ine mtsuko sunandibwezepo chimanjamanja. Takuda tija ndiye timacha msanga, nkhokwe ili pululu, chimanga chisanakhwime. Amalume ako amene akundivutawa, chaka china cha njala ali wamng'ono, mimba ili tuu, anakhalira takuda timeneto. Lemba zimenezo kuti adzawerenge okha.

Tsono chaka chatha amalume akowo, chitsiriza wanga, analowa kalabu ya alimi. Kunabwera ogula ena ofuna nyemba zofiira, mtundu umodzi, zofanana ngati mabatani. Akuti m'thumba mukapezeka yoyera ngakhale imodzi amabweza. Munda wawo unali utadzaza fodya, ndiye maso anagwera pa wanga, uja wa kumunsi kwa chulu.

"Amayi, mundawu tidzalemo zofiira zokhazokha," anatero atakhala pakhonde panga. "Zanu zosakanizazi palibe angagule. Ndi zinyalala."

"Zinyalala unakula nazo iwe?"

"Nthawi yasintha, amayi."

"Mvula nayonso yalowa kalabu? Yasaina kuti izigwa mofanana?"

Ananyamuka akupukusa mutu. Ine ndinati yatha. Sinathe.

Mu Okotobala kunachitika maliro kwa Kapondo, a msuweni wanga, ndipo ndinakhalako masiku anayi. Pobwera, ndisanatule n'komwe kathumba kanga, ndinaona mphasa itayalidwa pakhonde, pamphasapo timilu timilu. Zofiira pazokha. Zoyera pazokha. Nanyati payekha. Mtsuko uli chogona pambali, m'kati mbee. Mpongozi wanga, akazi a amalume ako, anali atakhala pomwepo ndi lichero pamiyendo, akumwetulira ngati andiphera nkhuku.

"Takulandirani, amayi. Onani, ndakukonzerani mbewu. Abambo akunyumba anati zinasakanikirana mwangozi, maso anu sakuonanso bwino."

Mwangozi! Zaka zonsezi, ngozi! Ndinayang'ana milu ija umodziumodzi. Ndinabwerezanso.

"Takuda tili kuti?"

"Tija ting'onoting'ono? Ndimayesa n'zopserera. Tinaphika dzana. Tinakoma, amayi."

Sindinalire. Lemba kuti sindinalire. Ndinalowa m'nyumba n'kutseka chitseko, ndipo kwa masiku atatu sindinayankhule ndi munthu. Mpongozi anaika milu ija m'timapepala ta shuga, uliwonse pawokha, n'kutindandalika pakhonde langa. Ine ndinkangotilumpha potuluka. Kunena zoona ndinali nditayamba kugonja. Ndinkati mwina ndakalambadi, mwina ophunzira akunena zoona kuti chinthu chabwino ndi chofanana.

Ndi sabata yomweyo iwe unabwera ku tchuthi ndi chilaputopu chako. Ukukumbuka? Masanasana, unakhala pansi pa mango utadzifunditsa chitenje kumutu pamodzi ndi makinawo, ngati munthu wofukiza chimfine. Ndinalephera kupirira.

"Iwe, wadwala?"

"Ayi agogo, dzuwa likuwala pagalasi. Bwerani muone."

Ndinalowetsa mutu m'chitenjemo. Ndinaona timadontho toyera tosawerengeka pa chinthu chakuda, pakati tothithikana mpaka kukhala chiphala chimodzi, m'mphepete tomwazika.

"Nanga awa ndi mawere atayika pansi?"

"Ndi nyenyezi, agogo. Mulu umodzi. Zikwi mazanamazana, zokokana pamodzi ngati mpira. Ndi zakale kwambiri, zinalipo dziko lathuli lisanakhalepo. Milu yotere ilipo yambiri. Ndikulemba za imeneyi kuti ndimalize sukulu."

"Ndiye ulemba chiyani? Zonse n'zoyera."

Pamenepo unaseka, ndipo unandiuza zimene ndikufuna zilembedwe. Ndikalakwitsa apa pokha ndikulola ukonze. Unati kwa zaka zambiri anthu ophunzira ankakhulupirira kuti nyenyezi za mulu umodzi zinabadwa nthawi imodzi, kuchokera mu mtambo umodzi wa mpweya, ndiye m'mimba mwake n'zofanana zonse. Anazilemba m'mabuku, ana n'kumakhoza nazo mayeso.

"Anazing'amba kuti aone m'mimbamo?" ndinafunsa.

"Ayi. Amatenga kuwala kwa nyenyezi imodzi n'kukumwaza kukhala ngati utawaleza. Chilichonse chimene chili m'nyenyezimo chimasiya kachizindikiro kake pamenepo. Ndiye makina atayamba kuona bwino, anayeza imodziimodzi. Anapeza kuti zina zili ndi sodiyamu wambiri, chinthu chimene chili mu mchere, koma okosijeni wochepa, mpweya timapumawu. Zina n'zosemphana ndi zimenezo. Mulu womwewo."

"Ndiye zina mchere unakolera, zina sunakolere?"

"Mukhoza kutero. Ndipo si mulu umodzi wokha. Pafupifupi mulu wakale uliwonse umene ayeza bwino, akupeza mitundu iwiri, itatu, pena kuposa."

Ndinakhala pansi bwinobwino. Ndinati tandiuza, mcherewo unachokera kuti. Unati ambiri amaganiza kuti nyenyezi zoyamba, zikuluzikulu, zinatulutsa mpweya umene unali utaphikidwa kale m'kati mwawo, mpweyawo n'kusonkhana pakati pa mulu, n'kubadwamo zina. Ana obadwa m'zotaya za akulu awo. Koma unatinso masamu ake sakukwana. Zobadwa pambuyozo n'zochuluka kuposa zimene zoyambazo zikanatha kutulutsa, ndipo mpaka lero akukangana.

"Ndiye sakudziwa?"

"Sakudziwa bwinobwino."

"Ndi madigiri onsewo?"

"Ndi madigiri onsewo, agogo."

Ndinaseka koyamba chibwerere ku maliro. Chifukwa ine mumtsuko mwanga mumatuluka nyemba zimene mayi sanandipatse. Chaka china ndikumenya nyemba ndinapeza yofiira ya mizere yoyera, china yachikasu ya diso lakuda. Sindinazigule, sindinazipemphe. Zinabadwira m'munda momwemo, pakati pa zinzake, bambo wake sindimudziwa. Ndinkangozibwezera mumtsuko. Nditakuuza zimenezi unakwinya nkhope ngati aphunzitsi.

"Agogo, nyenyezi si nyemba."

"Ndikudziwa, mwanawe, nyenyezi sitidyera khwanya. Koma tandiyankha ichi. Atapeza kuti mulu wawo ndi wosakaniza, anatani? Anausankha? Zamchere uku, zopanda mchere uko?"

"Angasankhe ndani? Anangosintha mabuku."

"Anasintha chiyani?"

"Mabuku."

"Osati mulu?"

"Osati mulu."

Ndinavundukula chitenje chija n'kudzuka, mawondo akulira. Ndinapita pakhonde, ndinatenga timapepala ta shuga tonse, ndinadzutsa mtsuko, n'kuyamba kukhuthulira. Zofiira, zoyera pamwamba pake, nanyati, kaulesi. Ndinapala phulusa kukhitchini, ndinathira, n'kulowetsa dzanja mpaka m'chigongono kuvundula. Amalume ako anatulukira akukankha njinga, n'kuima kukamwa kuli yasa.

"Amayi! Ntchito ya masiku atatu imeneyo!"

"Yanga ndi ya zaka zoposa zako. Kawauze a kalabu ako asinthe buku lawo."

"Buku lanji?"

"Funsa mphwako, ndi amene wapita kusukulu."

Anakuyang'ana ngati wawabera mbuzi. Iwe unabisa nkhope m'chitenje, ndinakuona, mapewa akugwedezeka.

Koma takuda tinalibe. Mtsuko wopanda takuda unali ngati nyumba imene mwachoka mwana. Ndiye ndinakumbukira mng'ono wanga, amene anakwatiwa tsidya la malire, ku Zambia. Naye mayi anamutapira mumtsuko womwewu pokwatiwa. Lachitatu m'mawa ndinakwera kabaza. Amalume ako anati msana wanu, amayi, dzuwa ili, amayi. Ndinati msana ndi wanga. Tinadutsa njira ya m'minda imene takhala tikuyendamo chibadwire popita ku maliro ndi ku maukwati, ine nditagwira chishalo ndi manja awiri, mafupa onse akuwerengana.

Mng'ono wanga anandiona ndikutsika n'kuyamba kuwomba m'manja.

"Aa, ba sisi! Wafa ndani?"

"Palibe. Ndabwera kudzapempha nyemba."

"Inu? Amene munkati ine mbewu sindidzasunga, ndidzadya yonse chaka choyamba?"

"Tulutsa mtsuko, pakamwa utseke."

Iye amasunga m'chigubu cha mafuta ophikira, wopanda ulemu uja. Anakhuthulira palichero. Takuda tinalimo, mbuu ndi phulusa, tomwe tija. Koma taona zodabwitsa. Mayi mmodzi, mtsuko umodzi, koma zake zinali zitasiyana ndi zanga. Munali zina zotuwa zimene ine sindinazionepo, ndipo yanga ya diso lakuda iye analibe. Tinakhala pamphasa nkhalamba ziwiri, tikutola takuda kamodzikamodzi mpaka kudzaza kapu. Zotuwazo ananditapiranso pang'ono. Ndinamanga pa mfundo ya chitenje n'kuika pachifuwa, ulendo wonse wobwerera dzanja lili pomwepo.

Mvula itagwa yokwanira, ndinatsikira kumunda wa kumunsi kwa chulu ndi khasu langa ndi mbale ya mbewu. Amalume ako anabwera n'kuima m'malire, manja m'thumba.

"Ndiye mwatsimikiza kutaya munda wonsewu?"

"Ndikutaya m'mapando, bwera uone katayidwe kake."

Sanabwere. Zofiira zawo anakadzala pa chigawo cha munda wa fodya, ndipo sindikuwafunira zoipa, agulitse, agule malata. Mpaka lero akandipatsa moni amayang'ana kumbali. Adzatopa.

Amene anabwera ndi mpongozi. Ndinangomva khasu lachiwiri kumbuyo kwanga. Tinapitiriza kudzala. Titafika pakati pa mzere wachitatu ndi pamene anayankhula, maso ali pansi.

"Amayi, tsiku lija milu inakwana khumi ndi umodzi. Koma panatsala zina zokana kulowa mulu uliwonse. Ndinaziika pambali, ndinasowa nazo chochita."

"Munaziphika?"

"Ayi. Ndi izi."

Anamasula mfundo ya chitenje chake. Munali yofiira ya mizere yoyera, yachikasu ya diso lakuda, ndi zina zitatu zinayi zimene ngakhale ine mwiniwake ndinali ndisanazizindikire. Ana a m'munda mwanga. Ndinatambasula mbale, iye n'kuthira.

Tsono tamvera chifukwa chimene ndakukhazikira pansi ndi pepala. Poyamba ndinkati mtsukowu ndidzakusiyira iwe. Koma iwe udzakhala m'tauni, m'nyumba yosanja, mutu uli kumwamba, ndipo nyemba zanga zidzafera pawindo m'chitini. Usakwiye, zoona ndi zomwezo. Iwe khala ndi mulu wako, ukawathandize anzako masamu awo osakwanawo. Ukadzapeza kumene mcherewo unachokera, udzabwere udzandiuze, ngakhale pamanda.

Mtsuko ndi wa mpongozi. Anandidyera takuda, inde, sindinaiwale. Koma m'mudzi muno palibe wina amene anagwirapo nyemba zanga imodziimodzi masiku atatu mpaka kudziwa yokana mulu. Lemba zimenezo ndi zilembo zikuluzikulu. Pansi pake ulembe kuti asadzasankhe, ngakhale kutabwera ogula a galimoto yotani. Ukamaliza upinde pepalalo, ulikulunge m'kapulasitiki, uliike mumtsuko pamwamba pa phulusa. Ndipo bweretsa kuno inki yakoyo, ndidindepo chala.