Bezi ya Che Bwanali

Fungo la phula lotentha limandibwezera ku Lungwena nthawi zonse. Ngakhale ndilimve pamsewu womwe akukonza m'tauni, ndimaona Che Bwanali atawerama pa bwato lovundikira pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yathu, chitini cha phula chikubwata pamoto, utsi wakuda ukukwera mwaulesi kulowa m'masamba, iwo akukhomerera nsanza m'ming'alu ya matabwa, kofia yoyera ili pamutu yopanda ndi kadontho komwe.

Bambo anga anali mphunzitsi. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma anatumizidwa ku sukulu ya pulayimale ya kufupi ndi nyanja, ndipo poti nyumba za aphunzitsi zinali zodzaza, tinakhala pakati pa mudzi, moyandikana ndi Che Bwanali ndi akazi awo, Abiti Jafali. Ife tinali Akhristu, iwo Asilamu, koma mpanda wa udzu womwe unkatilekanitsa unali ndi pobowoka pomwe pankadutsa mchere, moto ndi ine. Ankanditchula Abiti Ticha, kutanthauza mwana wamkazi wa aphunzitsi. Dzina langa lenileni, Tadala, sindikudziwa ngati analimvapo, chifukwa Che Bwanali anali ogontha. Ali mnyamata anagwira ntchito zaka zambiri pafupi ndi injini ya boti lalikulu la nsomba, ndipo phokoso linawadya makutu pang'onopang'ono. Kuti amve, munthu unkayenera kuima patsogolo pawo, kukuwa, n'kumathandizira ndi manja. Ngakhale kuitana kwa ku mzikiti sankakumva. Nthawi ya swala ikakwana, Abiti Jafali ankangowagunda paphewa.

Ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, Loweruka lina masana, kunabwera anthu ophunzitsa za umoyo ndi bandi yawo pa lole. Anaima pabwalo la mpira, mudzi wonse n'kukhamukirako. Che Bwanali ankangodutsa atasenza thabwa. Atafika pafupi ndi chisipika chachikulu chomwe chinali pansi pambali pa lole, anaima ngati aponda munga. Anatula thabwa lija, n'kuika chikhatho pa chisipikacho, dzanja linalo pachifuwa. Atandiona, anandikodola.

"Abiti Ticha! Chikugunda munomu n'chiyani?"

Ndinawalozera mnyamata yemwe ankaimba gitala yaitali ya nsambo zinayi zonenepa. "Ndi bezi!" ndinakuwa.

"Mbuzi?"

Ndinalemba ndi chala pamchenga: BEZI. Anayang'ana zilembozo, n'kuyang'ananso mnyamata uja.

"Zaka zonsezi nyimbo ndimangoiona ndi maso, anthu akutsegula pakamwa ngati nsomba. Koma ichi ndachimva."

Bandi itapumira, anapita kukapempha kuti aigwire. Anaiyeza ndi mkono ndi zala monga ankayezera matabwa, akung'ung'udza manambala m'Chiyao. Mnyamata uja anaseka. "Madala, izi amapanga ku fakitale, kunja." Nditawakuwira zomwe wanena, Che Bwanali anangoti, "Bwato limanyamula anthu khumi pamadzi. Ichi chimanyamula zingwe zinayi basi."

Anali asanagwirepo gitala chibadwire, ndipo zinaoneka. Yoyamba anaisema ndi mtengo wosauma bwino. Atangomanga nsambo, pasanathe sabata khosi lake linapindika ngati uta. Anaiyang'ana, n'kuipereka kwa Abiti Jafali kuti asonkhezere moto. Kenako anatulutsa thabwa la mlombwa lomwe linakhala zaka kudenga.

"Limenelo ndi la chitseko changa!" anadandaula Abiti Jafali. "Munthu wamkulu, wa ndevu zoyera, kumapanga zoseweretsa!"

Che Bwanali anatembenukira kumbali. Ine ndinazindikira tsiku limenelo kuti kugontha kwawo nthawi zina kunkawathandiza.

Nsambo zinawavuta kusankha. Anayesa twayini wa maukonde, anayesa waya wa m'matayala, mpaka anakhazikika pa makebulo a mabuleki a njinga ndi a njinga yamoto, ena onenepa ena owonda. Poyesa nsambo, ankaluma mutu wa gitala ndi mano, n'kukoka nsamboyo atatsinzina, kunjenjemera kwake n'kumawalowa m'mafupa. Motero ankadziwa nsambo yamoyo ndi yakufa. Koma kusiyanitsa do ndi re, mano sankatha. Apa m'pamene anafuna makutu anga. Amayi anga ankatsogolera kwaya ya amayi kutchalitchi, ndipo ine ndinakula ndikuimba do re mi ndisanadziwe kuwerenga.

Pakhosi la gitala pamakhala timawaya topingasa, pomwe chala chimadina kuti liwu lisinthe. Che Bwanali anatidula kuchokera ku masipoko a njinga, ndipo kalikonse kankayenera kupeza malo ake enieni. Ndikaweruka kusukulu ndinkakhala nawo pa mphasa. Iwo ankasuntha kasipoko pang'onopang'ono akukoka nsambo, ine khutu lili pathabwa, ndikuwalozera ndi chala kuti kutsogolo, kumbuyo, mpaka ndigwedeze mutu kuti pomwepo. Akatero ankalemba ndi pensulo, kucheka kamzere, n'kukhomera. Kamodzi kankatha kutitengera masana onse, dzuwa la ku Lungwena likuwotcha mchenga, ntchentche zochokera pa matandala a usipa zikutizungulira.

Tsiku lina anzanga ankasewera fulaye pamsewu, ndikumva kukuwa kwawo ndi kugunda kwa mpira. Tinali titaika tisanu. Che Bwanali atasuntha kachisanu ndi chimodzi, ndinagwedeza mutu ndisanamvetsere. Anasuntha kena, ndinagwedezanso. Tonse totsala ndinatigwedezera mutu masana amodzi omwewo. Anandiyang'ana mokondwa.

"Lero makutu ako athwa, mwanache," anatero, ine n'kuthamangira kumsewu.

Patapita masiku, tinainyamula kupita nayo kwa Yusufu, wokonza mawailesi pa msika. Iye ndiye anali atakulunga waya wopyapyala pa maginito kuti apange kachipangizo kotola mawu a nsambo, komwe amati pikapu. Che Bwanali atamva dzinalo koyamba anafunsa ngati gitala imafunanso galimoto. Yusufu analumikiza gitala ku wailesi yakale ndi batire, anyamata a pamsika n'kudzaza pakhomo. Anayamba kukwera: do, re, mi, zonse bwinobwino. Atadutsa kachisanu, gitala inayamba kulira ngati ng'ombe yodwala. Anyamata anaphulika ndi kuseka, wina mpaka kugwira m'mimba.

Che Bwanali sanamve kusekako, koma mano anawaona. Anafunsa Yusufu chomwe chalakwika, Yusufu n'kuwaonetsa ndi zala: tisanu tili bwino, totsalato tasokera. Sanandifunse kanthu. Anangondiyang'ana kamodzi, n'kukulunga gitala m'chitenje, tinabwerera kumudzi iwo patsogolo ine pambuyo.

Masiku atatu ndinkazungulira njira ina popita kusukulu. Amayi atandipanikiza, ndinaulula. Sanandimenye. Anangoti, "Pita ukawauze wekha."

Munthu wina aliyense ungathe kumupepesa monong'ona, maso ali pansi. Munthu wogontha ayi. Ndinaima patsogolo pawo akupala thabwa, ndinanena, sanamve. Anaika dzanja kukhutu.

"Ndinanama!" ndinakuwa.

"Watani?"

"NDINANAMA! SINDINAMVETSERE!"

Abiti Jafali anasiya kupeta mpunga. Amayi awiri omwe ankadutsa ndi ndowa pamutu anaima. Ine misozi inali mbwembwembwe. Che Bwanali anaika pansi chopalira chawo.

"Ndamva. Amenewo ndawamva bwino. Ukatopa uziti ndatopa. Ine ndikakhoma thabwa mwaulesi, mwana wa munthu amamira. Khala pansi."

Anazula timasipoko tonse tolakwika ndi pulayala, anatseka mizere ndi utuchi wosakaniza ndi guluu, tinayambiranso. Anaika lamulo: kamodzi patsiku, ndikatero ndizipita kukasewera. Ndipo chodabwitsa, kuyambira pamenepo sindinkafunanso kuthamangira kumsewu. Tikamaliza ndinkatsalira, n'kumadina nsambo zonenepazo mpaka zala kutuluka matuza, khutu lili pathabwa, ndikutsatira nyimbo za kwaya ya amayi pansipansi.

Wailesi ya Yusufu inali yaing'ono, sinkawafika pachifuwa, choncho Loweruka lina bambo anandilola kuwaperekeza ku tauni ya Mangochi kukasankha sipika. Tinakwera matola pamodzi ndi madengu a nsomba zouma. Ogulitsa ankatikokera ku masipika onyezimira, a timagetsi tofiira ndi tobiriwira. Che Bwanali ankapempha kuti aliyatse, n'kuika chikhatho, n'kupukusa mutu. "Ili ndi la maso," ankatero. Pomaliza, kuseri kwa msika, kwa munthu wina wogulitsa zakale, anapeza chisipika chachikulu ngati beseni, chopanda bokosi, chafumbi, chomatidwa m'mphepete. Atachiyatsa, ndevu zawo zinanjenjemera. Anaseka mokweza mpaka anthu kutembenuka. Pobwerera anachifungatira pamiyendo njira yonse ngati khanda, akundifotokozera za bokosi lomwe adzachikhomere, lalikulu loti munthu n'kukhalapo.

Bokosilo sindinalione litatha. Sabata yotsatira bambo anabwera ndi kalata yoti asamukire ku Kasungu, ndipo kalatayo inatipatsa masiku ochepa. Tinali titafika pa kasipoko kachisanu ndi chitatu. M'mawa womwe lole inabwera, anthu akukweza mabedi ndi mapoto, Che Bwanali anatulukira pobowoka pa mpanda paja atanyamula gitala, macheka ndi pensulo kukhutu. Tinakhala pa mtolo wa mabulangete, dalaivala akuliza hutala, tinaika kachisanu ndi chinayi. Sindinafulumire. Ndinawabweza kumbuyo kawiri ndisanagwedeze mutu.

"Totsalati udzaika ukadzabwera pa holide, inshallah," anatero.

Ndinavomera ndi mutu, ndipo nthawi imeneyo ndinkanena zoona. Koma ku Lungwena tinalibe m'bale, Kasungu ndi kutali, ndipo mwana sasankha kopita pa holide. Kenako kunabwera sekondale, kenako kozi ya unamwino, kenako ntchito ku Blantyre. Kumeneko ndinayamba kuimba bezi kutchalitchi, pambuyo pake m'maukwati, anthu n'kumadabwa mkazi wagwira chigitala chachitali. Chaka chilichonse ndinkati ndipita. Ndinapita ndili ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, nditanyamula nsambo zinayi zenizeni za m'sitolo, zomwe ndinasankha ndekha, zonenepa kwambiri zomwe ndinapeza.

Abiti Jafali ndinawapeza pakhonde, atachepa thupi, akusankha nyemba. Anandiyang'anitsitsa, kenako anaomba m'manja. "Abiti Ticha!" Ndisanafunse n'komwe, anandigwira dzanja nandikhazika pamphasa. Che Bwanali anali atamwalira dzinja lachinayi lapitalo.

"Bokosi lija anamaliza," anatero. "Akabwera ku swala ya masana ankalikhalira pamwamba, batire pambali, n'kumaimba. Mbale zinkagwedera m'nyumbamu. Nkhuku zinkathawa. Ine ndinkalalata, koma kulalatira munthu wosamva!" Anaseka, n'kupukuta maso ndi nsonga ya mpango.

Ndinafunsa ngati Yusufu anawathandiza kumaliza timasipoko totsala.

"Yusufu anadzipereka kangapo. Iwo anakana. Ankati pamenepo mpa Abiti Ticha, akubwera. Chala chawo chinkalekera pa kachisanu ndi chinayi, kupitirira apo thabwa linali losalala mpaka tsiku lomwe anatisiya."

Ndinapempha kuti ndiione. Anandiuza kuti maliro atatha, mdzukulu wawo wina, msodzi, anaikweza m'boti pamodzi ndi bokosi lake kupita nayo ku Makanjira, ndipo kuchokera pamenepo sanamvenso za iyo. Nsambo ndinabwera nazo zija ndinawasiyira, ngakhale analibe nazo ntchito. Anazilandira ndi manja awiri, n'kukaziika m'nyumba.

Ndaimba magitala ambiri, ena okwera mtengo oti sindingawagule, koma ija sindinaimvepo ikulira pa chisipika chake. Kuchipatala komwe ndimagwira ntchito kumabwera odwala ochokera kutali. Ndikaona pa khadi kuti uyu ndi wa ku Makanjira, ndimayamba ndamupatsa mankhwala, ndamufunditsa bwino, kenako ndimamufunsa ngati kwawoko anaonapo bezi ya mlombwa, ya makebulo a njinga, yokhala ndi timawaya tisanu ndi tinayi tokha. Ambiri amandiyang'ana modabwa. Mayi wina chaka chatha anaganiza kaye, n'kunena kuti mwina anaimvapo pa ukwati wina kutsidya kwa mtsinje, koma sanaione ndi maso. Ndinamufunsa kuti inkamveka bwanji.

"Inkagunda muno," anatero, akuloza pamtima, "mpaka mwana kumbuyo anadzuka."