Ndinakhala Pakhomo pa Makina a Ufa

Ntchito yanga yoyamba ya malipiro ndinaipeza ndili kale ndi zidzukulu, mutu uli mbuu, mano ena atatsanzika. Moyo wanga wonse ndinali wa khasu ndi njerwa. Ine ndi malemu amuna anga tinkaumba njerwa kunja kwa Moatize, mpaka mgodi wa malasha utafika n'kutisamutsira ku Cateme. Kumeneko munda unali miyala yokhayokha. Amuna anga atamwalira ndinapinda mphasa, ulendo kwa mwana wanga ku 25 de Setembro, bayiro ina ya m'tauni ya Moatize. Koma kukhala pakhonde n'kumadikira kuti wina akupatse sopo, ine ayi, ine ayi ndithu.

Ndili ndi msuweni wanga ku Zóbuè, dzina lake Bonifasiyo, mwana wa malume anga, wogula ndi kugulitsa nyemba. Mwana wake Selesite anakwatiwa ndi Jeremiya, mwini ofisina yokonza mapampu ndi injini kuno ku Moatize. Ndinapita kwa Selesite osadutsa m'mbali. Ndinati, mwanawe, uza amuna ako kuti kuli mkazi wa tsache. Jeremiya anandiyang'ana kuyambira kumpango mpaka kumapazi, n'kunditchula titiya, ndiye kuti azakhali.

“Titiya, fumbi la pano ndi la malasha. Mulitha?”

“Ilo silitopa, inenso sinditopa. Tiona amene ayambe kugwa.”

Ndinayamba mawa lake. Ndinkasesa m'mawa, masana pansi pali bii. Ndinkasesa masana, madzulo pali bii. Ndinkasesa ndikuimba, amakanika n'kumandiseka, ine n'kumawasesa m'mapazi. Kumwezi ndinkalandira zanga m'dzanja langa, za ine mwini, ndipo ndinkayenda msewu wa ku bayiro ngati ndi wanga.

Kenaka ntchito inachepa. Makampani a kumgodi sankabweretsanso injini zambiri. Chimene ankalira nacho chinali tizipangizo ta pulasitiki, togwirira mawaya, totsekera mapaipi, timagiya ting'onoting'ono. Kakathyoka kamodzi, chimakina chonse chili njo, kudikira kuti kena kachokere kunja kwa dziko. Ndiye bwana wathu, patrau Jeremiya, anaganiza zogula makina opanga tinthu timeneto pompano. Achipwitikizi amati impiresora. Ife tinkangoti makina oumba, chifukwa amaumba ngati mbiya, mzere pamwamba pa mzere, mpaka chinthu chitaima. Analemba ntchito mtsikana wa sukulu, Anifa, mwana wa mwini sitolo wina wa pamsika, kuti azijambula zipangizozo pa komputadori.

Makina analipo a mitundu iwiri, ndipo mkangano unali pamenepo. Ena ndi a ulusi. Amasungunula ulusi wa pulasitiki n'kumauyala, kanthu kamodzikamodzi, ndipo kakatha umangokazula basi. Ena ndi a ufa. Amayala ufa woyera wa nayiloni, kuwala kotentha n'kuumata, kuyalanso, kumatanso, mpaka bokosi litadzaza. Tizipangizo timatsala m'kati mwa ufawo ngati mbatata m'nthaka. Anifa ankafuna a ufa. Ankati zake zimalimba mbali zonse, ndipo bokosi limodzi limatulutsa zambiri. Patrau ankapendekera kwa a ulusi. Ankafunsa mafunso ake akuwerenga zala. Magetsi akathima nanga? Akawonongeka, wokonza ali kuti? Ufawo uchokera kuti, ndipo ukachedwa pa malire tidya chiyani? Kutentha kwa Tete aupirira? Chipinda chotsekedwa, chozizira, chopanda fumbi, achimanga ndani?

Tsiku lina anandiitana kuseri kwa ofisina. Sanandibisire.

“Titiya, zosesa amakanika azisesa okha. Tikatenga a ulusi, mwezi ukatha mukapume. Tikatenga a ufa, pafunika munthu wokumba ndi kusefa.”

“Kusefa ufa?”

“Kusefa ufa.”

Ndinaseka mpaka kugwira chipupa. Kusefa ufa, ine, mwana wa pamtondo.

Ogulitsa a ufa anavomera kubweretsa makina awo kuti tiwayese kaye. Pangano linali loti tipange bokosi limodzi la togwirira mawaya ta kampani ina ya kumgodi. A kampaniyo akavomereza, makina atsala. Akakana, makina abwerera, inenso ndibwerera pakhonde. Anamata chipinda, anaika makina oziziritsa mpweya ndi mabatire a magetsi. Anifa anandiphunzitsa zonse mofatsa. Kuvala chovala choyera, chotseka pamphuno, zovala m'manja. Kusiya nsapato pakhomo. Tsache langa osalowa nalo, m'malo mwake chopopera fumbi chapadera. Bokosi likazizira, kulitengera pa tebulo, kuswa chibuma cha ufa ndi manja, kufufuza kachipangizo kalikonse, kukapukuta ndi burashi, kenaka kukalowetsa m'kabati yopemerera timchenga tagalasi kuti kayere. Ufa wotsala kuusefa, kuuyeza pa sikelo, kuusakaniza ndi watsopano. Ndinkabwereza ngati nyimbo ya kwaya: kumba, pukuta, pemerera, sefa. Kumba, pukuta, pemerera, sefa.

Lamulo lalikulu linali limodzi. Makina akamaliza kuumba, ufa umakhala wotentha koopsa, ndipo uyenera kuzizira wokha, pang'onopang'ono, nthawi yaitali ngati imene unaumbira. Ukautulutsa msanga, mphepo ikaukhudza, zonse zimapindika ngati chikopa cha padzuwa. Pa makinapo pali kanyale. Kakafiira, manja kumbuyo. Kakabiriwira, tsegula.

M'bokosi loyesera lija munalowanso kanthu kena. Bonifasiyo ali ndi kamakina kosokera matumba a nyemba, ndipo giya yake inali itatha mano. Anatumiza yakaleyo kwa mkamwini wake, Anifa n'kuijambula, n'kuiika pakona pa bokosi. Wina anauza Bonifasiyo kuti makina amaliza Lachinayi m'mawa. Sanamuuze za kuzizira.

Lachinayi m'mawa makina anamalizadi, kanyale kali psuu. Anifa ankayenera kuwoloka mlatho kupita ku Tete kukatenga timchenga tija. Akutuluka anandigwira dzanja.

“Titiya, kakhala kofiira, asatsegule munthu. Ngakhale abwere ndani.”

Dzuwa litakwera, pageti panaima lole ya nyemba. Anatsika Bonifasiyo, jekete pa thupi kutentha konseko, chipewa chili pendeke. Lole inali ya mnzake, yotsitsa katundu pamsika n'kubwerera ku Zóbuè masana omwewo, ndipo kumeneko matumba anali yasa kudikira kusokedwa, wogula akubwera mawa lake.

Tsono kwathu kuno mkamwini sayang'ana apongozi ake m'maso, ndipo mawu akuti ayi sawadziwa. Patrau Jeremiya, munthu wokalipira amakanika mpaka malata kunjenjemera, ananjuta pansi, chipewa m'manja, maso pa simenti.

“Bambo, mwayenda bwanji?”

“Ndayenda. Giya yanga.”

“Yatha, bambo. Kungoti...”

“Ngati yatha, ndipatseni ndizipita. Lole sidikira.”

Patrau anadzuka. Ndinamuona akutenga zovala m'manja zochindikala zija, zonyamulira zotentha. Iye ankadziwa bwino lomwe, kuposa ine, zimene zichitike akatulutsa bokosi. Nkhope yake inali ngati ya munthu wopita kukazulitsa dzino. Koma ankapita. Amakanika onse anawerama, aliyense wapeza bawuti yomanga.

Ine ndinakoka ndowa yanga, n'kuivundikira pakhomo pa chipinda, n'kukhalapo. Ndinatambalala, chitenje ndakokera bwino, msana pa chitseko.

“Titiya, ndidutse.”

“Kanyale n'kofiira, patrau.”

“Ndikudziwa. Ndidutse.”

“Simudutsa.”

Analankhula motsitsa, kuti apongozi asamve. “Mukundichititsa manyazi. Mukufuna ntchito ithe lero lomwe?”

“Mukatsegula yatha, mukandichotsa yatha. Ndiye ithe ndili chikhalire.”

Bonifasiyo anabwera kudzaona chochedwetsa. Apa m'pamene Mulungu anandikonzera, chifukwa msuweni si mpongozi. Msuweni ndi mwamuna wako wa nthabwala, umamunena mmene ufunira, iyenso n'kukubwezera, ndipo palibe mlandu.

“Kodi ndiwe, Malita? Mkazi wanga wasanduka galu wa pakhomo?”

“Ndine, mwamuna wanga wopanda pake. Ukadali ndi changu chako chija? Uli mwana unkadya mbatata zosapsa, mimba n'kumalira usiku wonse, ife osagona.”

Makanika wina anakhosomola, kubisa chiseko.

“Choka apo, nkhalamba iwe. Wogula nyemba akubwera mawa.”

“Nkhalamba ndiwe, unabadwa chaka cha dzombe, ine ndisanabadwe. Giya yako ili m'kati mwa ufa wamoto pamodzi ndi katundu wa eni ake. Tikaitulutsa tsopano ipindika, ndipo zonse zipindika nayo.”

“Mkamwini wanga wati yatha.”

“Mkamwini wako ukamuuza kuti akusenze mpaka ku Zóbuè, akusenza. Ndi waulemu. Ine si waulemu.”

Anatembenukira kwa Jeremiya. “Ofisina ino ndi yanu kapena ya mayi uyu?”

Jeremiya anagwetsa maso pa simenti. Thukuta linali kamukamu. Ine ndinayamba kuimba chapansipansi, kumba, pukuta, pemerera, sefa, ndikuwomba pa ndowa. Bonifasiyo anayesa kundikoka dzanja. Ndinamuuza kuti akandidzutsa andikwatire pomwepo, ndi zidzukulu zanga zonse, azidyetse nyemba zakezo. Anandisiya.

Panja lole inaliza hutala. Inalizanso. Bonifasiyo anayang'ana ine, anayang'ana chitseko, n'kukonza chipewa.

“Malita, sunasinthe. N'chifukwa chake sindinakukwatire.”

“Ndinakukana ndine. Pita ukasoke ndi singano, manja uli nawo.”

Anapita osatsanzika mkamwini wake, ndipo chimenecho kwathu n'chachikulu. Patrau anavula zovala m'manja zija, n'kuziponya pa tebulo.

“Mawa tikambirana,” anatero, n'kukadzitsekera mu ofesi.

Sindinachoke pa ndowa mpaka Anifa atabwera. Nkhomaliro ndinadyera pomwepo. Kanyale kanabiriwira dzuwa litapendeka, koma Anifa anati tisiye mpaka m'mawa kuti pakati penipeni pazizire. Ndinapita kunyumba osadziwa ngati ndidakali wantchito.

M'mawa ndinalawirira, ndinavala zoyera zanga munthu asanandiuze kuti ndisavale. Tinatulutsa bokosi. Ndinalowetsa manja mu ufa, uli fundefunde ngati phulusa la dzulo, n'kuyamba kufufuza. Koyamba kanatuluka, kowongoka. Kachiwiri, kowongoka. Ndinkakumba ndikuimba m'kati mwa chotseka pamphuno, Anifa akuyeza kalikonse ndi chopimira chake chachitsulo. Tiwiri ta m'mbali tinali topindika pang'ono, anatitaya. Tina tonse tinali bwino. Giya ya Bonifasiyo inatuluka mano ali ndondondo, oposa a mwini wake.

A kampani anatenga katundu wawo kukayesa, ndipo patapita masiku anaitanitsa wina. Makina a ufa anatsala. Kukambirana kuja sikunachitike. Patrau sanandithokoze, ndipo kwa kanthawi ankandipatsa moni wa pakamwa pokha. Selesite anandidandaulira kuti bambo ake anasoka matumba ndi singano mpaka zala kutupa, ndipo wogula anatenga ochepa. Giya tinaitumiza pa chapa, minibasi ya ku Zóbuè, yankho silinabwere. Ine ndi Bonifasiyo tinadzalankhulana pa maliro ena ku Zóbuè, pamene anandipatsa mpando n'kunena kuti ndisaukhalire mpaka mawa.

Koma tsiku lina apongozi aakazi a patrau atatumiza uthenga kuti akubwera kudzatenga chogwirira cha poto wawo chimene tinkawaumbira m'makina, ndinaona Jeremiya akubwera kwa ine mwakachetechete. Anandipatsa kiyi wa chipinda cha makina.

“Musunge ndinu, titiya. Akafunsa, ndinena kuti kiyi ali ndi inu.”

“Ndipo ine ndikana.”

“N'chifukwa chake.”

Mpaka lero kiyiyo ali pa chingwe m'khosi mwanga. Anthu a mabizinesi ena amabwera kudzaona makina athu asanagule awo. Amafunsa Anifa za ufa ndi ulusi, za magetsi, za fumbi, za wokonza, ndipo amachita bwino kufunsa. Akamatuluka ine ndimawonjezera langa limodzi. Ndimati, makina awa amafuna kudikira, ndipo tsiku lina adzabwera munthu amene inu simungamuuze kuti adikire. Musanagule, yang'anani pakati panu ngati alipo wotha kukhala pakhomo.