Miyezi Isanu ndi Umodzi ya Abambo

Chaka chimenecho ndinkasankha fodya pa famu ina kufupi ndi Macheke, ndipo ndinkakhala ku komboni ndi abambo anga. Iwo anachoka ku Tete, kutsidya kwa malire, ali mnyamata, nakalambira pa famu yomweyo. Amayi anali atamwalira kale, ndipo maliro awo anatisautsa: bokosi tinachita kukhoma ndi matabwa otola m'shedi. Choncho atabwera munthu wa inshuwalansi ya maliro, ndinawalembetsa abambo osafunsa zambiri. Pepala lake la Chingerezi ndinangolipinda n'kuliika m'Baibulo.

Patapita miyezi inayi, miyendo ya abambo inayamba kutupa. Nsapato zinaleka kulowa, ndipo popita kuseri ankaima kawiri kuti apume. Ndinapita nawo ku kiliniki, pepala lija lili m'thumba. Namwino, mayi wa Chishona yemwe tinkapemphera naye, analiwerenga nditamuonetsa, abambo ali panja pa benchi.

"Sisi, anakuuzani zonse za pepalali?" anandifunsa.

"Anati munthu akamwalira amabweretsa bokosi ndi galimoto."

"Inde, koma taonani timalemba tapansipa. Akamwalira ndi matenda isanakwane miyezi isanu ndi umodzi, sapereka kanthu, pokhapokha ikhale ngozi. Komanso galimoto yawo siwoloka malire a dziko lino."

Abambo anali atanena kangapo kuti akufuna kukagona kwawo ku Tete.

Masabata otsatirawo sindinali munthu. Ndikakhala m'shedi, aliyense wolowa pakhomo ndinkayesa wabwera ndi uthenga. Nthawi ya nkhomaliro ndinkathamangira kunyumba, n'kuima pakhomo kudikira kuti ndimve akutsokomola ndisanalowe. Chondiopsa koposa ndinali ine mwini. Ndinapezeka ndikupempha Mulungu kuti awasunge mpaka tsiku lokwana miyezi isanu ndi umodzi ija, ngati kuti likadutsa akhoza kumapita.

Abambo anaona. Lamlungu lina tili pakhonde anati, "Mwanawe, ukundiyang'ana ngati ndaba kanthu. Watani?"

Ndinawauza zonse ndikulira.

"Ndiye anthu amenewa akundiuza tsiku loti ndife?" Anaseka mpaka chifuwa chinawatsamwa, ine n'kudzambatuka, kuopa kuti athera pomwepo. Mpweya utabwerera anati, "Ku Teteko ndani angandizindikire? Ondidziwa onse ali pansi. Udzandiike pafupi ndi amako."

"Musatero, ababa."

"Ndatero kale."

Miyezi ija inakwana. Tsikulo sindinauze munthu, ndinangopita kuntchito. Abambo anakhalabe masabata asanu akumwa phala lokha, ndipo anatisiya Lachiwiri m'mawa nditawagwira dzanja.

Ndili mu kombi, minibasi ya kuno, kupita ku ofesi ya inshuwalansi ku Marondera, mantha anabweranso. Bwanji ngati pali timalemba tina tomwe namwino sanatione? Mayi wa pa ofesipo anayang'ana chitupa cha abambo nthawi yaitali, n'kulowa nacho m'chipinda china. Ndinakhala pansi n'kumadikira. Atatuluka anangofunsa njira ya ku famu kuti atumize bokosi ndi galimoto.

Tinawaika pafupi ndi amayi kumanda a pa famu, kuseri kwa mitengo ya bulugamu. Achibale a ku Tete tinawauza pa foni. Anati akanabwera, koma mvula inali itadula msewu.