Chizimalupsa cha a Lameki

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene a Lameki anabwera kudzayamba ulimi kwathu ku Nsaru. Masiku amenewo alimi atsopano ankangotulukira, ena matenanti otopa ndi fodya wa eni, ena ochotsedwa ntchito m'tauni. Koma amene ankatipatsa zoseka anali a Lameki. Anabadwira ku Zimbabwe, mwana wa mtchona, n'kukulira m'galaja. Chichewa chawo chinali chotsimphina, ndipo khasu ankaligwira ngati sipanala. Ife ana tinkangowatchula kuti a Harare.

Tsiku lina mu Okutobala kunagwa chimvula. Fungo la dothi linadzaza mudzi wonse, madzi akukokolola phulusa la m'tchire lomwe linapsa. M'mawa mwake ndinawapeza pamunda pawo, kathumba ka mbewu ya chimanga kali m'manja.

"Iwe mtsikana, mvula iyi mumati chiyani kuno?" anandifunsa.

"Ndi chizimalupsa."

"Chizimalupsa! Yabwino, eti?"

"Yabwino zedi," ndinatero.

Ndinaona ndithu kuti sanamve. Mwana aliyense kwathu amadziwa kuti mvula imeneyi imangobwera kudzazimitsa moto wa m'tchire, kenako dzuwa limabwerera ndi ukali, ndipo palibe amene amadzala nayo. Koma ine ndinali nditapeza kale nkhani yokaseketsa anzanga kumjigo, ndiye ndinatseka pakamwa. Madzulo tinaseka mpaka misozi, ine ndikutsanzira mayankhulidwe awo.

Anadzala mbewu yonse. Chimanga chinamera bwinobwino, kenako masamba anapotana, n'kuuma. Mvula yeniyeni itabwera, analibe njere ngakhale imodzi. Bambo anga anawagawirako mbewu yamakolo, koma inangokwanira mizere yowerengeka.

Pofika Febuluwale akazi awo a Lameki anayamba kubwera kwathu kudzapempha gaga, mwana ali kumsana, tsitsi lake litafiira. Amayi ankatuma ine kuti ndikawapungulire. Mayiyo ankalandira ndi manja awiri n'kumati, "Mulungu akudalitse, mwanangu." Mawu amenewo ankandiwotcha kuposa mbama. Sindinkatha kuwayang'ana kumaso. Nyengo yokolola isanakwane banjalo linasamuka, ndipo kumene linapita sindikudziwa mpaka pano.

Lero ndikamva anthu akuseka mlendo kuti sadziwa kulima, manyazi amandigwira. Ndinazindikira mochedwa kuti nafenso sitinabadwe tikudziwa nyengo, tinangokhala ndi mwayi wa anthu otiuza. A Lameki sanali opusa kapena onyada. Anafunsa ndithu, kungoti anafunsa ine.