Pepala la a Zisoti

Kukamacha, geti la fakitale yathu ya makatoni lisanatsegulidwe, a Zisoti amakhala atafika kale. Amatsegula kabati yawo, kutulutsa zisoti khumi zachikasu, n'kuzipukuta chimodzichimodzi ndi kansalu konyowa. Ine ndimakolopa m'maofesi, ndipo ndawaona akuchita zimenezi zaka zisanu ndi ziwiri. Dzinalo tinawapatsa ndife. Ntchito imene anawalembera ndi yoonetsetsa kuti amisiri obwera ndi makontilakitala asavulale pamalo pano.

Amisiri akafika, a Zisoti amawaimika pamzere, kuwaveka zisoti ndi malamba odzimangirira pamwamba, n'kuwajambula ndi foni. Chithunzi chimapita kwa abwana. Kenako aliyense amasaina pepala lovomera kuti wauzidwa za ngozi zonse za pano. Akatero, zisoti ndi malamba zimabwerera m'kabati. Akuti anthu obwera sasamala katundu, angazidetse.

"Akulu, chisotichi n'chojambulitsira basi?" anafunsa mmisiri wina tsiku lina.

"Mutu wakowo ndi wouma kale. Saina apa, usanditayire nthawi."

Anzake anaseka. Munthu wofuna ganyu amaseka chilichonse.

Mvula itayandikira, kontilakitala anabweretsa anthu anayi kudzakonza denga lodontha. Wamkulu mwa iwo anali bambo a mapasa, amene timapemphera mpingo umodzi, woimba besi m'kwaya. Denga lathu lili ndi malata ena apulasitiki olowetsa kuwala, koma fumbi linawakuta kalekale, moti munthu ali pamwamba sangawasiyanitse ndi achitsulo. Ife a pano tonse timadziwa, ngakhale ine amene sindinakwerepo. A Zisoti ali ndi mapu a dengalo, malo oopsawo atawazunguliza bwinobwino ndi cholembera chofiira. Ndi mapu okongola. Amakhala m'faelo.

M'mawa umenewo mapepala osaina anali atatha, makina osindikizira atafa. A Zisoti anajambula anthuwo, n'kuwavula zonse monga mwa masiku onse.

"Kwerani, mudzasaina potsika."

Ndinali kutsuka makapu pamene ndinamva phokoso ngati thumba la simenti lagwa. Bambo a mapasa anaponda lata lapulasitiki, nagwera pakati pa makina. Anathyoka chiuno ndi miyendo yonse. Tinathamangira komweko, wina ndi madzi, wina ndi nsalu. A Zisoti anafika pomaliza, atanyamula chisoti chonyezimira, ndipo ndinawaona ndi maso angawa akuchiika pansi pafupi ndi mutu wa munthu akubuula. Mulungu andikhululukire zimene ndinawafunira mumtima nthawi imeneyo.

Chithunzi chinalipo, koma pepala panalibe. Abwana ananena poyera kuti pepala likapezeka, mlandu ndi wa mmisiriyo, apite kwawo chimanjamanja. Likapanda kupezeka, mlandu ndi wa fakitale, ndipo woyamba kuchoka ndi a Zisoti.

A Zisoti anapita okha kuchipatala, nthochi m'jumbo, pepala m'thumba la malaya. Mayi a mapasa anawakumana pakhomo la wodi.

"Mwabwera kudzazonda kapena kudzamalizitsa?" anawafunsa. Nthochi anabwerera nazo.

Kuyambira pamenepo a Zisoti anayamba kundipatsa moni wa manja awiri. Zaka zonsezi ankangonditcha "iwe wokolopa", tsopano ndinasanduka "mayi athu". Anayambanso kuika Baibulo patebulo, lotsegula pakati, tsamba lomwelo sabata yonse.

Lachisanu lina anandipeza m'kakhonde ndikufinya mopu. Anayang'ana uku ndi uku, natulutsa pepala lija litapindidwa kanayi. Poyamba anandikumbutsa kuti abwana akufuna kuchepetsa anthu okolopa, ndipo iwo ndiwo angandinenerere. Mkazi wamasiye wa zaka zanga safunika kumuuza kawiri tanthauzo la mawu otero. Koma Lamulungu lapitalo ndinali nditaona mapasa aja akukankha bambo awo pa njinga ya olumala kulowa m'tchalitchi, aliyense chogwirira chake.

Pepalalo analiika pawindo, pafupi ndi sopo wanga. Ndinanyamula ndowa n'kupita kukataya madzi, ndipo mpaka lero sindinawayankhe. Mawu awo anali awa:

"Mayi athu, mmisiri uja inu amakumverani, mumapemphera limodzi. Mukamapita kukamuona mutengeko kapepalaka. Ngati dzanja likuvuta, angodinda chala. Inenso ndili ndi ana, mayi. Mundithandiza?"