Katepi Kakuda pa Seva ya Nasoni

Anthu a ku Old Town amamudziwa Nasoni ndi dzina loti Wakanema, ndipo ambiri sadziwa kuti munthuyu anayambira pa khasu ndi paipi yothirira maluwa. Anachoka kwawo ku Nathenje ndevu zisanamere, n'kukalowa ntchito yosamalira kapinga ku Area 43, pa nyumba ya mpanda wautali imene agalu ake ankadya bwino kuposa antchito. Bwana wake pobwerera kwawo kunja anagawa katundu. Mlonda analandira njinga, wophika analandira mapoto, Nasoni n'kupatsidwa kamera ya kanema yothyoka chotsekera batire. Anzake anamuseka kuti walandira chinthu chosakwereka komanso chosaphikira. Iye anangomanga batire ija ndi mphira wa chubu, n'kuyamba kuyenda m'zinkhoswe.

Kanema wake woyamba anamujambula kumudzi mu 2009, pa chinkhoswe cha msuweni wawo. Woyambitsa nyimbo tsiku limenelo anali mlongo wake Esnati, mayi wa mawu okwera amene akayamba kuimba ngakhale azibambo a pansi pa mtengo ankasiya nkhani. Pakati pa nyimbo Esnati anatembenuka n'kuona kamera itamuloza. Anagwira pakamwa, kuseka, n'kukalipa: "Iwe Nasoni, chotsa chinthu chakocho, sindinamange duku bwino!" Kumwendo kwake kunali kamnyamata ka mamina, kakukoka chitenje. Kamnyamatako kanali Richard, mwana wake yekhayo.

Patapita zaka zochepa Esnati anamwalira. Bambo wa mwana anali atalowera ku Joni kalekale osatumiza ngakhale moni, ndiye Nasoni anachita zimene malume amachita: anamutenga Richard. Nthawi imeneyo n'kuti iye ndi mkazi wake Leticia akuchita lendi kanyumba ka antchito kuseri kwa nyumba ya mayi Consolata, mayi wamasiye wa ku Area 12. Richard anakulira m'kanyumbako, akugona pakati pa makatoni ndi miyendo ya kamera. Kompyuta anaiphunzirira pa ya malume ake. Sukulu inamuyanja, anachita maphunziro a makompyuta, mpaka anapeza ntchito pa bungwe lina ku City Centre, ya chitupa cholendewera m'khosi. Nasoni akamuona akutsika minibasi atavala malaya opisira, mtima unkakhala m'malo.

Pa ntchito yake Nasoni anali ndi khalidwe limodzi limene anzake ojambula ankati ndi uchitsiru: sankafufuta kanthu. Ena akakupatsa kanema wako pa fulashi, basi zathera pomwepo, ukataya ndi zako. Iye ayi. Chinkhoswe chilichonse, ukwati, ubatizo, maliro, zonse ankazisunga pa mahadi, tizipangizo tija tosungira zinthu za pa kompyuta. Mahadiwo ankakhala m'chitini cha mabisiketi kunsi kwa bedi, ndipo Leticia ankalemba N pa hadi iliyonse ndi kyutekisi wofiira, uja wopaka m'zikhadabo, kuti isasokonekere ndi za eni. Munthu ankatha kubwera patapita zaka, maso ali psuu, n'kunena kuti akufuna kuonanso bambo ake akuvina pa ukwati uja wa ku Likuni. Nasoni ankatsegula chitini, kufufuza, n'kumupatsa. Za anthu omwalira sankalipiritsa. Ankangoti, "Kwa ine munthu satayika." Ndipo iye mwini, mtima ukalemera, ankaika chinkhoswe cha ku Nathenje chija n'kumvera Esnati akumukalipira za duku.

Koma zitsulo nazo zimakalamba. Chaka chatha hadi imodzi inayamba kulira mwachilendo, kuti tche, tche, tche, ndipo Nasoni anasowa mtendere. Anamuuza Richard. Mnyamatayo anabwera Lamlungu, anamvetsera kulira kuja, n'kupukusa mutu ngati dokotala.

"Amalume, zinthu zofunika chonchi sizisungidwa m'chitini. Kuntchito kwathu agula makina atsopano, akale akutigulitsa antchito pamtengo wozizira. Pali seva imodzi yamphamvu, inkanyamula bungwe lonse. Ndikutengereni."

"Seva n'chiyani?"

"Dzina lomwe likunena, amalume. Seva. Imaseva. Chimene mwaikamo chalowa basi, sichituluka."

Nasoni Chingerezi chake n'cha m'dimba ndi cha pa kompyuta, ndipo kuseva ankakudziwa: ukamaliza ntchito umaseva kuti isatayike. Makina amene dzina lake lenileni ndi kuseva, angataye bwanji chinthu? Anagulitsa kamera yake yachiwiri n'kupereka ndalama m'manja mwa mwana wa mlongo wake, osafunsanso kwina. Akanafunsa kuti, katswiri ali m'banja?

Seva inabwera pa takisi, itatulukira kumbuyo, yaitali ndi yaphwatalala ngati benchi ya ku tchalitchi, yolemera moti anainyamula anthu atatu. Ataiyatsa, nkhuku za mayi Consolata zinabalalika. Inkalira ngati chigayo, ndipo Leticia anafunsa ngati angabweretse chimanga. Kumbuyo kwake kunkatuluka mpweya wotentha, moti nthawi ya mvula masokosi a ana ankaumira pomwepo. Mayunitsi a magetsi inkangowameza, ndipo sabata isanathe mayi Consolata anafika pakhomo manja ali m'chiuno. Anagwirizana kuti makinawo aziyaka masana okha, ndipo Nasoni azithirira maluwa ndi kutchetcha kapinga wa panyumbapo mpaka chaka chithe. Motero Wakanema, munthu wodziwika Old Town yonse, anabwerera pa paipi chifukwa cha seva. Sanadandaule. Ankati akuthirira chifukwa cha anthu ake ali m'katimo.

Richard anasamutsa zonse za m'mahadi kuziika mu seva. Atamaliza anaika chitini chija kukhwapa.

"Awa ndi zinyalala tsopano, amalume. Kuntchito kuli malo otayira zoterezi, si zotaya kudzala."

Nasoni anavomera, ngakhale mtima unamuti kwee poona chitini chikutuluka pakhomo. Asanatsanzikane analoza kutsogolo kwa seva, pamene panali timadilowa tokhala mahadi ake. Pa timadilowa tiwiri panali patamatidwa tepi yakuda, ya amagetsi ija, yodulidwa bwinobwino ndi sizasi.

"Nanga apa pavulala?"

"Ayi, ndi timagetsi tothobwa m'maso. Ndamata kuti tisamakuvutitseni."

Nasoni anauza Leticia madzulo ake kuti mwanayu ndi woganizira anthu ngati mayi ake.

Inayenda miyezi ingapo. Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kunabwera mtsikana wina kudzafuna kanema wa ubatizo wa mchimwene wake amene anafa pa ngozi. Nasoni anayatsa seva. Inalira monga mwa masiku onse, koma pa sikirini panalibe chinkhoswe, panalibe ukwati, panalibe munthu. Anazimitsa, kuyatsanso, kupukuta mawaya, kupemphera. Anauza mtsikana uja kuti abwerenso sabata yamawa. Anaimbira Richard, foni inangoitana. Madzulo kunabwera uthenga woti ali pa msonkhano ku Mponela, adzaona akabwera. Sabata inatha, Mponela yake osatha.

Pamapeto pake anabwereka wilibala, kenako takisi, n'kupita nayo kwa Hasina, mayi wokonza makompyuta kufupi ndi msewu wa Malangalanga. Hasina ataiona ikulowa pakhomo anasiya chimene ankagwira.

"Iyi ndikuidziwa. Mwaitenga kuti, bambo?"

"Ndinagula kwa mwana wanga."

Hasina anailumikiza kumagetsi, anadikira kuti ilire, kenako ndi chikhadabo anamatula katepi koyamba. Kunsi kwake kunali kagetsi kachikasu, kakuphethira. Anamatula kachiwiri, chimodzimodzi. Ndipo panali kachitatu, kopanda tepi, nakonso kachikasu.

"Kagetsi aka kakayaka chonchi ndiye kuti hadi ya m'dilowa imeneyo yafa," anatero Hasina. "Makinawa amapirira ziwiri zikafa, zotsalazo zimagwirizira. Ikafa yachitatu, zonse zapita. Inu munaigula ziwiri zitafa kale. Imakhalanso ndi belu lochenjeza, koma wina analitseka."

"Koma ndi seva," anatero Nasoni. "Imaseva."

"Ayi bambo, si kuseva kumeneko. Dzinalo ndi la kutumikira, ngati uja amaperekera zakudya mu lesitilanti. Ndi wantchito chabe. Amatopa, amadwala, amafa."

Wantchito! Nasoni anayang'ana chitsulo chija ndipo sanathe kuchikwiyira. Chinagwira ntchito zaka zambiri ku City Centre, chitadwala anachitaya, ndipo miyezi yonseyi chakhala chikuyesa kunena kuti sichili bwino, pakamwa patamatidwa.

"Mwati mukuidziwa," anatero.

Hasina anazengereza, koma ananena. Mnyamata wina wa chitupa m'khosi anabwera nayo chaka chomwecho kuti amugule. Hasina ataona timagetsi tachikasu anamuuza kuti popanda mahadi atsopano makinawo ndi oyenera kwa ogula zitsulo zakutha. Mnyamatayo anaibweza. Patapita masabata anabweranso ndi mahadi ang'onoang'ono m'chitini cha mabisiketi, onse ofufutidwa kale mpaka mbee, ndipo amenewo Hasina anagula chifukwa ambiri anali abwino. Anagulitsa onse kwa ana asukulu ndi oika nyimbo m'mafoni, kupatula imodzi yolira tche, tche imene inakana kuyaka. Anaitulutsa m'kabati. Pakona pake panali N wofiira, dzanja la Leticia.

Nasoni anakhala pa mpando wa makasitomala popanda womuuza. Kuberedwa ndi mlendo kumapweteka, koma umatukwana n'kuiwala. Uyu anali mwana amene iye anamusambitsa zipere, amene Leticia ankamusiyira mazira ana awo akudya masamba. Anamuyenda pansi akumwetulira, n'kumutcha amalume. Hasina anayesa masiku angapo kuti apulumutseko kanthu, koma panatuluka tizidutswa tosaoneka mutu wake. Nasoni anapempha chinthu chimodzi chokha, katepi kaja, n'kukamata kuseri kwa foni yake.

Ntchito yowawa inali youza anthu. Mtsikana wa ubatizo uja sanakalipe, anangoti "Zikomo, bambo," n'kutembenuka, ndipo Nasoni akanakonda akanamutukwana. Leticia ankafuna kupita ku City Centre kukachita chipongwe pa geti ya bungwelo. Mwamuna wake anamuletsa. Anati mwanayo abwera yekha, chifukwa abale kumudzi anali atagwirizana zomanga chiliza cha Esnati mvula isanayambe.

Richard anabweradi Lamlungu lina masana, atanyamula buledi ndi shuga, nkhope ili ngwee. Anakhala pakhonde n'kufunsa za ana. Za seva anayamba yekha, mopepuka.

"Ndamva kuti makina aja avuta. Ndi magetsi akuno amenewa, amalume, amangothimathima. Tidzaona mmene tingachitire."

Nasoni anangoti, "Eya."

"Koma ndabwerera za chiliza. Ndabwereka pulojekita kuntchito, jenereta ndapeza kale. Tikachoka kumanda, ndikufuna tionetse kanema uja wa amayi akuimba. Mkazi wanga sanawaonepo, amangomva. Ndipo mwana wathu tinamutcha Esnati, adzakule akudziwa mwini dzina." Anaseka pang'ono, maso atalengeza misozi yeniyeni. "Ine ndemwe mawu awo ndayamba kuwaiwala. Mundiikire pa fulashi."

Apa ndi pamene Nasoni anazindikira kuti mnyamatayo posamutsa zinthu zija sanatsegule n'chimodzi chomwe kuti aone zimene wanyamula. Kwa iye zinali zinkhoswe za anthu osawadziwa.

"Kanema ameneyo anali m'chitini," anatero Nasoni.

"Inde, koma wa amayi muli naye padera. Inu simutaya kanthu, amalume, aliyense amadziwa."

"Ndinalibe padera. Ndinali ndi iwe."

Anatembenuza foni, kumatula katepi kakuda kaja, kugwira dzanja la Richard ndi kukamata pachikhatho pake. Mnyamatayo anakayang'ana, ndipo anakazindikira, poti anakadula yekha.

"Amako anali kuseri kwa kameneka," anatero Nasoni. "Iwenso unalimo, ukukoka chitenje chawo."

Leticia anatuluka, anatenga buledi ndi shuga zija n'kuziika pamiyendo pa Richard. Dzuwa linali litapendeka, ndipo chaka chimene anapangana ndi mayi Consolata chinali chisanathe. Nasoni anadzuka, anapinda buluku, n'kupita kukatsegula mpopi. Akukoka paipi kuzungulira nyumba anayesa kuimba chamumtima nyimbo ija ya pa chinkhoswe. Mawu a nyimboyo anawakumbukira onse, koma ankamveka ndi liwu lake lomwe, la Esnati osabwera.