Kachitini ka Bambo Masiye

Ku Biwi kunalibe amene sankawadziwa Bambo Masiye. Makaniko ameneyu ankangogunditsa sikuludiraiva pa injini, chogwirira chake kukhutu, basi nthenda aipeza. Koma m'chaka cha 2004, magalimoto a ku Japan atayamba kusefukira m'tauni, khutu lija linayamba kuwanamiza. Kuvomera? Munthu wouma mutu ngati ameneyo!

Chinkawanyansa kwambiri ndi kasensa ka pa ekizozi. Kanthu kangati pulagi, ka nthambo kumchira, ntchito yake kununkhiza utsi n'kuuza kompyuta ya galimoto kuti iwonjezere kapena ichepetse petulo. Kakafa, galimoto imamwa mafuta ngati chidakwa, ndipo kagetsi kachikasu kamayaka pa dashibodi. Mankhwala a Bambo Masiye anali kuzula kababu ka getsiko. "Yachira imeneyi, pitani."

Ndiye kunabwera Gordon, mkamwini wawo, mwamuna wa mwana wawo Dailesi, ndi takisi yake. Kasensa kanali katagwidwa ndi dzimbiri. Bambo Masiye anakapotokola mwamphamvu mpaka paipi ya utsi inang'ambika, pansi penipeni pa mpando wa dalaivala, pomwe chitsulo cha galimoto chinali chitabooka kale. Katsopano m'mashopu munalibe. Anadula chitini cha mafuta ophikira, kukulunga pong'ambikapo, n'kumanga ndi waya.

"Zikhala bwino, apongozi?" anafunsa Gordon.

"Ntchitoyi ndinayamba inu musanabadwe."

Patatha milungu iwiri Dailesi anayamba kudandaula. Bambo a kunyumba mutu ukuwawawa masana aliwonse, chizungulire, tsiku lina anasinza ali pachiwongolero, pamaloboti. Kusiteji anzawo ankanong'ona kuti alipo wina akumulodza. Bambo Masiye anangoti amwe panado. Mumtima munkawaluma ndithu, koma pansi pa galimotoyo sanasuzumiremo.

Loweruka lina mu Juni, kukuzizira koopsa, anapita ku Kawale kukazonda mkamwiniyo. Pageti anaponda kanthu. Kachitini, kakuda bii ndi mwaye, waya wake wopotedwa katatu. Kapotedwe kawo komwe.

"Apita kumaliro ku Dedza," anatero mayi woyandikana nawo nyumba. "Anyamuka m'mawa pa takisi yawo ija, ndi akazi awo ndi khanda lomwe. Musadandaule bambo, mwanayo sazizidwa. Ndawaona ndi maso angawa atatseka magalasi onse."

Apa m'pamene Bambo Masiye anazindikira: utsi wakupha uja ukulowera pobooka paja, m'galimoto yotseka magalasi. Anatulutsa foni n'kuimbira Gordon. Inaitana, inaitana, mpaka inaduka yokha.

Anaimbanso.